Wosoka Mabuku Adula Buku ku George

Olemekezeka a wapampando wa komiti ya chipinda chowerengeramo cha komboni yathu ya George, Ba Hosea Mvula, olemekezeka abusa athu, Ba Webster Daka, amene mwatulutsa matumba a makala m'chipinda chino kuti mulowe mabuku, olemekezeka a khansala wa dera lathu, Ba Philomena Soko, aphunzitsi athu, Ba Eneless Chulu, amayi a chigwirizano amene mwasesa, mwakolopa, mwayalanso zitenje zanu pa tebulo kuti mabowo asaoneke, makolo, ophunzira, ndi inu nonse amene mwasiyira mnzanu malo pa mzere wogulira unga wa nsima kuti mudzakhale nafe masana ano: ndikupatsani moni, ndipo ndikuthokozani.

Dzina langa ndine Enos Njobvu. Amene mukusuzumirabe ku geti kudikira galimoto ya mlendo wolemekezeka, khalani pansi, mlendoyo ndine, ndipo ndabwera wapansi kuchokera kuseri kwa msika. Ntchito yanga inali yosoka mabuku. Ndinaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi pa kampani ina yosindikiza m'tauni, mpaka chaka chatha pamene mapepala anasiya kulowa m'dziko, makina n'kuzima, ife n'kuuzidwa kuti tikapume kunyumba. A komiti anandipatsa mpando uwu chifukwa ndine ndinakonza mabuku amene mukuwaona m'kabati umo. Mawu a lero ndinawalemba sabata yatha, masamba atatu a kuthokoza kokhakokha. Ali m'thumba la jekete muno, ndipo sindiwawerenga. Ndikuuzeni zoona, sindikudziwa ngati Ba Mvula adzandipatsanso moni ndikatsika pano.

Koma kuthokoza ndi mwambo, ndipo ndi koyenera. Tikuthokoza amayi a mpingo wina wa ku Sikotilandi, amene sanatione ndi maso, koma anamva kuti ku George kuli anthu ofuna kulemba mayeso a mabuku a Chingerezi opanda mabukuwo, natumiza bokosi. Bokosilo linayenda miyezi isanu, linafika litanyowa mbali imodzi, koma linafika. Tikuthokoza akalipentala amene anakhoma mashelefu ndi matabwa a mabokosi a sopo. Tikuthokoza Ba Chulu, amene amaphunzitsa ku sukulu ya boma m'mawa, n'kubwera kuno Loweruka lililonse kudzaphunzitsa popanda wowapatsa ngakhale ya basi. Ndipo tikuthokoza Ba Mvula, amene anayenda m'maofesi mpaka nsapato inatseguka pakamwa. Ndanena zimenezi poyamba, a wapampando, kuti zimene zikubwerazi musazimve ngati chipongwe.

Ophunzira athu alipo makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Si ana a yunifomu ayi. Ena ndi makondakitala, ena amanyamula katundu ku masitolo a ku Kamwala, ena amagulitsa pa msika, ena anachotsedwa ntchito tsiku limodzi ndi ine. Onsewa analembetsa ku sukulu ya makalata, ndipo mayeso awo ali kutsogoloku, masabata asanu ndi atatu kuchokera lero. Akayesedwa pa mabuku awiri: nthano yaitali ya makedzana, ya masamba pafupifupi mazana asanu ndi limodzi, ndi kabuku ka ndakatulo za Chisikoti. M'masitolo a m'tauni mabuku amenewa mulibe, mungayende mpaka mapazi atatupa. M'bokosi lija munatuluka mabuku anayi a nthanoyo, ndi awiri a ndakatulo. Ndi omwewo basi.

Tsono pakhoma apo pali lamulo, lolembedwa bwino ndi zilembo zazikulu: buku lisatuluke m'chipinda chino, ndipo chipinda chizitsegulidwa kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko. Musayang'ane Ba Mvula, analemba lamulolo ndine. Ndinenso ndinasaina kalata yopita kwa amayi aja, yowalonjeza kuti mlendo wawo akadzabwera chaka chamawa ndi bokosi lachiwiri adzapeza buku lililonse lili lathunthu, loyera, pamalo pake. Ndinalemba monyadira. Ndiye dzana ndinakhala pansi ndi pensulo n'kugawa maola amenewa kwa anthu makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Aliyense akupeza maola osakwana awiri pa sabata. Maola awiri, pa buku limene mlembi wake amatha masamba makumi anayi akufotokoza nyumba, mvula ndi makolo a mwininyumba munthu asanagogode n'komwe pakhomo! Ndipo 2 koloko masana kondakitala ali pa chitseko cha basi, mayi wa pa msika akuingitsa ntchentche pa nsomba za kapenta. Ndi lamulo langali, palibe amene adzafike kumapeto kwa bukulo.

Ndisanapitirire, ophunzira, ndikulimbitseni mtima pang'ono, pakuti ndaona nkhope zanu Loweruka lapitali mutatsegula ndakatulo zija. Wina anati, "Ba Chulu, ichi ni Chizungu cha kuti? Kapena makina yanalakwisa?" Makina sanalakwitse. Amene anandiphunzitsa kusoka mabuku anali kapitawo wa Chisikoti, munthu wamfupi, wofiira m'makutu. Akamayankhula ndi bwana wamkulu ankatulutsa Chingerezi cha m'buku, chosita bwino. Koma akadzimenya chala ndi nyundo, kapena akalandira kalata ya amayi ake, pakamwa pake pankatuluka china, chokhuthala, cha pakhosi, ndipo m'maso munkalengeza misozi. Chimenecho ndicho chili m'kabuku kanu. Ndi chiyankhulo cha kwawo, cha kukhitchini ndi kumunda, monga mmene inu mumapempherera m'Chichewa cha m'Baibulo koma mukakangana pa mpopi mumatulutsa cha mu komboni. Olemba ndakatulozo ambiri ankadziwa njala, kuzizira, denga lodontha ndi mwinimalo wouma mtima. Nanga zimenezo ndi zachilendo ku George? Musaziwerenge chamumtima. Werengani mokweza, pang'onopang'ono, khutu limva zimene diso lakana, ndipo mawu akakukanikani pitani kumasamba akumbuyo, kumene analemba matanthauzo.

Za nthano yaitaliyo, njira ya Ba Chulu ndi yabwino kuposa iliyonse imene ndinaionapo. Amati tengani pepala, ngakhale la thumba la simenti, mulembe anthu a m'bukumo monga timachitira pa maliro pogawa katundu: uyu ndi mwana wa yani, uyu anakwatira kuti, malume ndi ati, ndani akudyera ndani. Mukadziwa chibale, mwadziwa mkangano. Anthu a m'mabuku akalewa amavala zipewa zazitali, koma amalimbirana nyumba, amabisa mimba, amakwatitsa ana chifukwa cha chuma. Mudzawazindikira, ena mumakhala nawo mpanda umodzi. Komabe njira zonsezi zimagwira ntchito buku likakhala m'manja, ndipo apa ndi pamene pali nkhawa yanga.

Ndiloleni ndikuuzeni zimene ndinachita zaka khumi zapitazo, mu 1979. Mwana wanga woyamba, Marjory, anali mu Fomu Faifi. Ali pompano, wakhala kumbuyo uko pafupi ndi zenera, ndipo sindinamuuze kuti ndinena zimenezi. Nthawi imeneyo mabuku anali atayamba kale kusowa. Iye ndi anzake asanu ndi atatu anasonkherana n'kugula buku limodzi lakale la mayeso ku Kamwala. Tsiku lina ndikuchokera ku ntchito ndinapeza pa tebulo kachidutswa ka buku, kopanda chikuto, kopanda msana, masamba makumi atatu okha. Ndinafunsa kuti lina lili kuti. Marjory anati, "Ba tate, tinagabana. Uyu akasiliza apasa munzake, iye atenga yokonkapo." Anali atalidula m'mitolo. Woyamba akatha mtolo woyamba ankapatsa wachiwiri, iye n'kutenga mtolo wachiwiri, choncho buku limodzi linkawerengedwa m'nyumba zisanu ndi zinayi tsiku lomwelo. Ankasinthana pa mpopi m'mawa.

Ine sindinaone nzeru pamenepo, ndinaona mwano. Mwana wa wosoka mabuku kung'amba buku! Anzanga a ku ntchito akamva ndidzaika kuti nkhope? Loweruka ndinavala jekete lomwe lino, n'kuyenda khomo ndi khomo m'komboni muno kulanda mitolo ija, ndikukalipira ana a eni pamaso pa makolo awo. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinakhala pakhonde ndi singano, ulusi ndi guluu. Ndinalisoka bukulo, ndinalipatsa chikuto cha nsalu yobiriwira, ndinasindikiza dzina lake pamsana ndi zilembo zagolide. Abale, pa mabuku onse amene ndinasoka pa moyo wanga, palibe lokongola ngati limenelo. Ndinamupatsa Marjory ndikudikira kuti athokoze. Analitembenuza uku ndi uku, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ba tate, yaoneka bwino maningi."

Mayeso atatuluka, Marjory analephera phunziro limenelo, ndipo malo ake ku koleji ya aphunzitsi anapita kwa wina. Ine ndinati ndi ulesi. Ndinamuuza m'maso kuti ndi ulesi, amayi ake akumva. Kuyambira pamenepo wakhala pa msika, akugulitsa kapenta ndi tomato, ndipo chichotsedwereni ntchito ine, chimene timadya kunyumba kwathu chimachokera pa tebulo lake limenelo.

Lachitatu lapitali ndinaitana Ba Chulu kuti adzaone lamulo langa nditalipachika. Anawerenga, kenaka anati, "Ba Njobvu, mwaibala? Ine ninali mu gulu ya Marjory." Ndinali nditaiwaladi. Anandiuza zimene mwana wanga anandibisira zaka khumi. Pamene ndinasoka buku lija kunali kutatsala masabata anayi. Buku lathunthu limakhala m'manja mwa munthu mmodzi, ndiye anachita kupanga mzere. Atatu oyamba analimaliza, ndipo atatuwo ndi amene anakhoza, mmodzi wa iwo ndi Ba Chulu amenewa. Marjory, pochita manyazi kuti wasokoneza zonse ndi bambo ake, anadziika yekha kumapeto kwa mzere. Bukulo linamufika kutatsala masiku awiri. Analowa m'mayeso atawerenga theka. Anthu asanu ndi mmodzi analephera chifukwa cha ulusi wanga, ndipo ine ndinkayenda m'komboni muno chifuwa chili patsogolo.

Kalanga ine! Ndipo chimene chikundiopsa koposa n'chakuti pa mndandanda wa ophunzira makumi atatu ndi asanu ndi atatu aja, dzina la khumi ndi chiwiri ndi Marjory Njobvu. Walembetsanso, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ali ndi ana awiri, ndipo anauza amayi ake kuti aka n'komaliza, akalephera sadzagwiranso buku. Amachoka pa msika dzuwa litapendeka, chipinda chino titakhoma kale. Ndiye kuti ine, bambo ake, ndamutsekera buku kachiwiri, ulendo uno ndi loko.

A wapampando, ndawerengera, ndipo ndikupempha mumve bwino. Buku la nthanoli linasokedwa m'mitolo khumi ndi isanu ndi itatu. Tikamasula onse anayi, buku lililonse litumikira anthu khumi kapena asanu ndi anayi. Munthu azikhala ndi mtolo masiku awiri, aziwerenga m'basi, pa msika, pa mzere wa unga pamene timaima maola atatu tikungoyang'ana msana wa mnzathu, kenaka apereke kwa womutsatira. Woyamba akayamba lero, wakhumi ayamba pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi, ndipo amaliza pa tsiku la makumi asanu ndi anayi. Mayeso ali pa tsiku la makumi asanu ndi asanu ndi limodzi. Masiku opuma ndi awiri okha. Wina akadwala malungo, wina akapita ku maliro ku Chipata mtolo uli m'thumba, wina mwana akauthira tiyi, womaliza uja wagwa. N'chifukwa chake ndikuopa. Koma tikayamba Lolemba la sabata yamawa, wagwa kale tisanayambe. Timabuku ta ndakatulo n'tosavuta, chifukwa ndakatulo simuyenera kuyambira yoyamba. Tigawana masamba, ndipo matanthauzo a kumbuyo aja aliyense akopere pamanja.

Ndikuona Ba Mvula akupukusa mutu, ndipo akulondola. Anandiuza dzulo pamene ndinawayesa pang'ono kuti, "Ba Njobvu, tinalonjeza. Tiyeni tilembe kalata, tipemphe chilolezo." Kalata yopita ku Sikotilandi ndi yankho lake ndi masabata asanu ndi limodzi, ikayenda bwino. Anatinso komiti ikumane kumapeto kwa mwezi. Kumapeto kwa mwezi n'kutali, a wapampando. Ndikudziwanso chimene tingataye. Mlendo uja akhoza kubwera, n'kuona mabuku odetsedwa ndi mafuta a vitumbuwa, n'kukauza amayi aja kuti anthu a ku George sadziwa kusamala zinthu. Bokosi lachiwiri, la madikishonale ndi mabuku a ana, likhoza osabwera, ndipo ana a anthu ena adzalipira chifukwa cha zimene ndikufuna kuchita lero. Zimenezi sindikuzipeputsa, ndipo sindingakulonjezeni kuti sizichitika.

Chimene ndingalonjeze ndi ichi. Kalata yowauza amayi aja ndilemba ndine, dzina langa lokha pansi pake, kuti mkwiyo ukabwera udzapeze Njobvu, osati komiti, osati mpingo. Mayeso akatha, mtolo uliwonse ubwerere kuno, ndipo ndidzasoka mabuku onse asanu ndi limodzi, ulusi wanga, nsalu yanga. Sadzaoneka atsopano. Adzaoneka kuti anawerengedwa. Ndipo inu ophunzira, ndikukupemphani ngati kholo: mtolo si wokulungira mtedza, si woyatsira mbaula, si wopatsa mwana kuti atonthole. Ukulungeni m'pulasitiki ya shuga. Tsiku lopereka likafika, perekani, ngakhale simunamvetse zonse, chifukwa kumbuyo kwanu kuli munthu amene akuwerenga masiku. Zimene simunamve mudzafunsa Loweruka, pamene Ba Chulu azikukhazikani m'magulu kuti amene ali patsogolo afotokozere amene ali m'mbuyo.

A khansala, abusa, inu ndinu mboni. Ngati komiti ikuti ayi, inene tsopano, ndikhala pansi, ndidula kansalu kali pakhomoko monga munandiitanira, ndipo ndipita kwathu. Ba Mvula, makiyi a kabati ali m'thumba mwanu. Sindilanda, ndinalandapo kale zinthu m'komboni muno ndipo mwamva mmene zinathera. Ndikupempha.

Ndidikira, a wapampando. Musafulumire chifukwa cha maso a anthu.

Zikomo, Ba Mvula. Zikomo. Makiyi ndalandira. Ayi, musaombe m'manja, anthu inu, munthuyu wapereka chinthu chimene anachiyendera chaka chathunthu, ndipo sakudziwa ngati chidzabwerera. Ba Chulu, tulutsani buku loyambalo mubwere nalo kuno. Sizasi ya kansaluyo ikhale apo, imatafuna pepala. Ndabwera ndi lumo langa la ku ntchito.

Ophunzira, senderani pafupi muone, chifukwa enawo mumasula nokha. Buku salidula pamsana ngati nyama. Mumayamba mwachotsa chikuto, chonchi. Kenaka mumatsegula pakati pa mtolo woyamba, mupeza ulusi utagona mumzere. Mumadula ulusiwo, pepala osalikhudza, ndipo mtolo umachoka wokha. Ulusi wake uli... dikirani. Uli apa. Ayi, si umenewu.

Pepani. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo lero dzanja likukana. Maso nawo achita chifunga, sindikuuona ulusi. Ndikakakamira ndicheka masamba.

Marjory. Mayi, ndinakunena waulesi pamaso pa amayi ako, ndipo unandiphikira zaka khumi osandiyankha. Ndinalakwa ndine. Sindikuti undikhululukire pano pagulu, zimenezo n'zako, udzaona wekha nthawi yake. Ndikungopempha dzanja. Iwe unadziwa kuchita ichi ine ndisanadziwe. Bwera udule.

Mpatseni njira adutse. Sunthani benchi limenelo.

Gwira apa. Ine ndigwira buku. Pang'onopang'ono, mayi... Eya. Wachoka.

Olemekezeka nonse, mtolo woyamba uwo uli m'manja mwa mwini wake, ndipo masiku ayamba kuwerengedwa kuyambira tsopano lino. Ba Chulu, itanani mayina, aliyense adziwe amene akumupatsa ndi amene akumulandira, asanatuluke pakhomo. Mwa mphamvu imene komiti yandibwereka masana ano, ine Enos Njobvu, wosoka mabuku, ndikulengeza kuti chipinda chowerengeramo cha George chatsegulidwa, ndipo mabuku ake atuluke. Marjory, Lolemba m'mawa upereke kwa mnzako, usachedwe.

Zikomo kwambiri, nonsenu.